Wasewera ndi Ndani? Mmene Mphamvu ya Ligi Imagawira Malo M'mipikisano Ikuluikulu

Kuno ku Mlowe mpira timaulandira kuchokera mbali ziwiri. Wayilesi imatibweretsera Maule, Manoma ndi Mabanker, pamene kanema wa m'timashopu ta pamsika amationetsa Simba ndi Yanga a ku Dar es Salaam, poti Tanzania tikuyang'anizana naye kutsidya kwa nyanjaku. N'chifukwa chake mipikisano ya CAF ikayandikira, mkangano umodzi susowa pagombe asodzi akamasoka maukonde: zimatheka bwanji kuti Tanzania azitumiza matimu anayi, Malawi n'kumaloledwa awiri okha? Ena amati ndi katangale. Ena amati akuluakulu a ku Cairo amangotiderera. Akatopa kukangana amatembenukira kwa ine, poti ndinaphunzitsapo zamasewero m'sukulu za m'mphepete mwa nyanja muno, n'kuti: "Asambizgi, tiweruzeni."

Chiweruzo changa sichisintha. Pogawa malo m'mipikisano ikuluikulu, sayang'ana timu payokha. Amayang'ana ligi imene timuyo yachokera, matimu amene yakhala ikulimbana nawo, ndi zimene anzake a m'ligi imeneyo anachita atatuluka kunja. Kuti zimenezi zimveke bwino, tiyambire kumene anthu amakangana za nkhaniyi chaka ndi chaka, manambala ali m'manja: ku basketball ya m'makoleji a ku America.

Makomo awiri olowera

Ku America makoleji oposa 350 amasewera basketball ya amuna m'gulu lapamwamba lotchedwa Division I, pansi pa bungwe la NCAA. Matimu ochuluka chotere sangakumane onse, ndiye anawagawa m'maligi osiyanasiyana. Mu 2025 maligiwo analipo 31. Mwezi wa Malichi ukafika pamakhala mpikisano wachipulula umene dziko lonse limaima nawo mutu, wodziwika kuti March Madness. Ukagonja kamodzi, ulendo wa kwanu. Mu 2011 matimu olowa mu mpikisanowu anafika 68.

Makomo olowera alipo awiri. Loyamba ndi la akatswiri: timu yotenga chikho cha ligi yake imalowa popanda wofunsa, kaya ligiyo ndi ya zimphona kaya ndi ya anyonthyo. Mu 2025 khomo limeneli linalowetsa matimu 31. Malo 37 otsalawo anagawidwa ndi komiti ya anthu 12, imene imadzitsekera m'chipinda masiku angapo n'kusankha matimu amene sanatenge chikho koma akuoneka oyenera. Phokoso lonse limachokera pa khomo lachiwirili.

Taonani mmene zinathera mu 2025. Ligi ya SEC, ya matimu 16, inalowetsa matimu 14, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Mbiri yakale inali ya Big East, imene inalowetsa 11 mu 2011. Big Ten inalowetsa 8, Big 12 inalowetsa 7, Big East 5, ACC 4, Mountain West 4 ndipo West Coast 2. Maligi 7 amenewa anatenga malo 44 mwa 68. Maligi ena onse 24 anapeza malo amodziamodzi, a katswiri wawo basi.

Chopweteka kwambiri chimaoneka tikayerekeza matimu awiri. Mu 2025 Texas inapambana masewero 6 okha m'ligi yake ya SEC n'kugonja 12, koma inaitanidwa. Chaka cha 2024, Indiana State inapambana masewero 28 n'kugonja 6, inatsogola m'ligi yake ya Missouri Valley, koma itagonja kwa Drake m'ndime yotsiriza ya chikho cha ligiyo, komiti inaisiya panja. Munthu wowerenga zigoli zokha anganene kuti apa pachitika umbava.

Sikelo ya komiti

Komiti ili ndi sikelo yake. Kuyambira 2018 imagwiritsa ntchito mndandanda wa pa kompyuta wotchedwa NET, umene umasanja matimu onse kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Kenako masewero a timu iliyonse amaikidwa m'magulu anayi potengera kulimba kwa mdani ndi malo osewerera. Gulu loyamba, lolemera kuposa onse, ndi la masewero olimbana ndi timu ya m'kati mwa 30 apamwamba uli pakhomo, ya m'kati mwa 50 muli pa bwalo la alendo nonse, kapena ya m'kati mwa 75 uli koyenda. Gulu lachinayi ndi la matimu a kumchira. Kupambana sewero la gulu loyamba kumakukweza kwambiri, ndipo kugonja sikukutsitsa kwenikweni. Kupambana la gulu lachinayi sikukupatsa kanthu, koma ukagonja wadzipaka matope osachoka.

Apa ndi pamene ligi imalowerera. Timu ya mu SEC imapeza sewero la gulu loyamba pafupifupi sabata iliyonse. Ikhoza kugonja kambiri, koma ikagwetsa zimphona zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ili ndi choonetsa kwa komiti. Timu ya m'ligi yaing'ono ikhoza kusewera miyezi iwiri osakumana ndi mdani wa gulu loyamba ngakhale mmodzi. Ilibe pokwerera, koma poterera pali ponseponse.

Nanga ligi imadziwika bwanji kuti ndi yamphamvu? Yankho lili m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene matimu amasewera ndi anzawo a m'maligi ena. Mu Disembala 2024 matimu a SEC anakumana ndi a ACC m'masewero 16 ndipo anapambana 14. Mbiri yabwino imene anatuta kunjayo anabwerera nayo kunyumba, moti kuyambira Januwale aliyense amene ankasewera ndi mnzake wa m'ligi ankagawanako. Ngakhale timu ya nambala 13 inkadyerera thukuta la anzake.

Pamwamba pa izo pali ndalama. Sewero lililonse limene timu yasewera mu mpikisano waukuluwu limabweretsera ligi yake pafupifupi madola 2 miliyoni, operekedwa pang'onopang'ono kwa zaka 6. Ligi yolowetsa matimu ambiri imalemera, imalemba aphunzitsi odziwa, imakopa osewera aluso, chaka chotsatira n'kulowetsanso ambiri. Matimu akuluakulu sakondanso kupita kukasewera kwawo kwa timu yaing'ono yoopsa. Amasankha kulipira timu yofooka kuti ibwere adzaikwapule pakhomo. Madzi saiwala khwawa.

Komabe tisafulumire kunena kuti komiti imangokondera. Mu 2025 momwemo, mwa matimu 8 otsiriza anayi anali a SEC, ndipo chikho chinapita kwa Florida, ya SEC yomweyo, itagonjetsa Houston 65 kwa 63. Ligi yolimba imasuladi timu. Koma khomo la akatswiri nalonso lili ndi mboni zake. Mu 2018 kasukulu kotchedwa UMBC kanathidzimula Virginia, timu imene inali pamwamba pa onse, 74 kwa 54. Mu 2023 Fairleigh Dickinson inagwetsa Purdue. Butler, yochokera m'ligi yaing'ono, inafika m'ndime yotsiriza mu 2010 ndi mu 2011. Pakanapanda khomo loyamba lija, ena mwa maina amenewa sitikanawamva n'komwe.

Basketball ya kuno ku Africa

Wina angati zimenezi n'za azungu. Ayi. Mu 2021 bungwe la NBA mogwirizana ndi FIBA linayambitsa Basketball Africa League, kapena kuti BAL, ya matimu 12. Poyamba penipeni akatswiri a maiko 6 anapatsidwa malo osachita kuvutikira: Angola, Egypt, Morocco, Nigeria, Senegal ndi Tunisia. Ena onse anauzidwa kuti adutse m'masewero achipulula otchedwa Road to BAL, kumene maiko ambirimbiri amalimbirana malo otsalawo. Malawi ali m'gulu la olimbiranawo, ndipo Bravehearts ya ku Lilongwe yatiimirako kangapo.

Akatswiri anayi oyamba a BAL onse anachokera m'maiko okonderedwawo: Zamalek ya ku Egypt mu 2021, US Monastir ya ku Tunisia mu 2022, Al Ahly ya ku Egypt mu 2023 ndi Petro de Luanda ya ku Angola mu 2024. Mu 2025 chikho chinapita kwa Al Ahli Tripoli ya ku Libya, imene inalowera khomo lopapatiza la chipulula. Phunziro lake ndi lomwe lija la ku America: maligi olimba amatulutsadi akatswiri, koma khomo la enawo likatsekedwa, mpikisano wataya mchere.

M'dziko muno basketball ili pansi pa bungwe la BASMAL ndipo imaseweredwa m'maligi atatu a m'zigawo: kummwera, pakati ndi kumpoto. Makoleji nawo ali ndi mpikisano wawo wa Mo626, wothandizidwa ndi National Bank of Malawi. Koma mwana wa pa University of Livingstonia, pamwamba pa phiri kumtunda kwathuku, kapena wa pa Mzuzu University, sakula mofanana ndi mnzake wa ku Lilongwe amene ali pafupi ndi bwalo la Griffin Saenda ndiponso matimu olimba omuzungulira. Luso lobadwa nalo likhoza kufanana. Chosiyana ndi kuchuluka kwa masewero ovuta amene aliyense wadutsamo asanakumane.

Zimenezi ndinazionapo ndi maso. Chaka china anyamata anga a kusukulu anasesa zoni yonse ya kunyanja kuno pa mpira wamiyendo, osagonja ngakhale kamodzi. Makolo anasonkha ndalama ya galimoto, tinakwera phiri la Chiweta tikuimba, ulendo wa ku boma. Kumeneko tinakumana ndi ana ozolowera kusewera Loweruka lililonse ndi matimu a anthu akuluakulu. Pofika theka la sewero anyamata anga anali akuyang'ana kwa ine ngati ndibwere ndidzawalanditse. Sanali aulesi kapena opanda luso. Kungoti chaka chonse palibe amene anawathamangitsapo motero.

Chifukwa chake Tanzania ali ndi anayi

Tsopano tibwere ku CAF. Dziko lililonse limaloledwa timu imodzi mu Champions League ndi ina mu Confederation Cup. Limenelo ndiye khomo la akatswiri, ndipo Malawi ali nalo. Koma maiko 12 ochita bwino kwambiri amapatsidwa malo awiri mu mpikisano uliwonse, onse pamodzi anayi.

Maiko 12 amenewa sasankhidwa ndi mavoti. Pali mapointi, ndipo amayamba kuwerengedwa timu ikafika m'ndime ya m'magulu. Mu Champions League wotenga chikho amapezera dziko lake mapointi 6, wachiwiri 5, wothera mu semifainolo 4, mu kotafainolo 3, wachitatu m'gulu 2, wachinayi m'gulu 1. Mu Confederation Cup amayambira pa 5 kutsika mpaka theka la pointi. Amawerenga zaka zisanu zapitazi zokha, ndipo za chaka chatha amazichulukitsa kasanu, za dzana kanayi, mpaka za chaka chakale kwambiri zimene amaziwerenga kamodzi. Mapointiwo salembedwa pa dzina la timu yokha. Amalowa m'thumba la dziko.

Tanzania analowa m'gulu la 12 pambuyo poti Simba yafika mu kotafainolo ya Champions League m'nyengo ya 2018/19. Kuchokera pamenepo akhala akuthirira munda wawo. Yanga inafika m'ndime yotsiriza ya Confederation Cup mu 2023, kumene inalephera kwa USM Alger ya ku Algeria, ndipo Simba inafikanso pomwepo mu 2025 n'kugonja kwa RS Berkane ya ku Morocco. Simba ndi Yanga sizimwerana madzi, koma thukuta la wina lakhala likutsegulira mnzake khomo, ndipo matimu ena ngati Azam apindula nawo.

Nanga ife? Timu ya kuno imene inafikapo m'magulu a Champions League ndi Bakili Bullets ya Kinnah Phiri, mu 2004. Akuluakulu timaikumbukirabe mpaka lero, koma pa sikelo ya CAF tsabola wakale sawawa: zaka zisanu zikadutsa, mapointi afufutika. M'zaka zaposachedwa Bullets inatulutsidwa ndi Simba mu 2022, ndipo mu 2023 inadutsa ndime yoyamba koma inakakanika kwa TP Mazembe ya ku Lubumbashi, pakhomo penipeni pa magulu. Zaka zina ngakhale malo awiri amene tili nawowo sitinawadzaze, matimu atalephera kupeza ndalama za ulendo. Dziko losalowa m'magulu silipeza pointi, ndipo timu yopanda mapointi nthawi zambiri imakumanitsidwa ndi chimphona mpikisano ukangoyamba.

Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023. Kwa wochemerera Maule zimenezo n'zokoma. Koma timu imene pakhomo imavutitsidwa ndi adani awiri kapena atatu okha pa chaka imafika ku Lubumbashi ili ngati anyamata anga aja ku boma.

Za m'zigawo zathu

Nkhani yomweyi ilinso m'kati mwa dziko. Super League ili ndi matimu 16, ndipo kwa zaka zambiri matimu atatu ankatuluka, atatu n'kulowa: katswiri wa kummwera, wa pakati ndi wa kumpoto. Chigawo chilichonse chinali ndi khomo lake, kaya ligi yake ndi yolimba kaya ayi. Ife akumpoto mkangano wotere sitichita kuuphunzira, poti tinakula nawo pa nkhani ya kota posankhira ana ku yunivesite: kodi malo azigawidwa potengera kumene munthu wachokera, kapena mmene wakhozera?

Khomo la chigawo linatipatsa chimwemwe mu 2022 pamene Rumphi United inalowa mu Super League. Inatuluka chaka chomwecho. Baka City ya ku Karonga inalowa mu 2024, nayonso inatuluka chaka chomwecho. Koma asatinamize munthu kuti limeneli ndi vuto la kumpoto kokha. Sable Farming ya kummwera mu 2022, Extreme ya pakati mu 2023 ndi FOMO ya ku Mulanje mu 2024, zonsezi zinalowa n'kutuluka osamaliza n'kupukuta mapazi komwe. Chitipa United, imene inabwerera mu 2023 n'kuthera m'gulu la matimu 8 apamwamba, inaonetsa kuti n'zotheka, koma zoterozo n'zapatalipatali. Phompho la pakati pa maligi a m'zigawo ndi Super League linali lalikulu.

Mu 2025 bungwe la FAM linayambitsa ligi yachiwiri ya dziko lonse, National Division League, yothandizidwa ndi NBS Bank. Ganizo lake ndi lomveka: matimu abwino a m'zigawo zonse azisulana okhaokha chaka chathunthu asanakwere. Ine ndikugwirizana nalo. Nkhawa yanga ndi ya mtunda. Timu ya ku Chitipa kapena ku Karonga yopita kukasewera ku Mulanje imadya masiku panjira, mafuta, chakudya ndi malo ogona, pamene matimu a ku Blantyre ndi Lilongwe ali ndi anzawo pafupi. Ngati thandizo la maulendo silikhala lokwanira, ligi imeneyi idzayeza kulemera kwa thumba m'malo mwa luso la miyendo, ndipo tsiku lina tidzadzidzimuka matimu a kumpoto atatha mu Super League.

Zikho zachipulula ngati FDH Bank Cup ndi Castel Challenge Cup n'zofunika pa chifukwa chomwechi. Zimapatsa timu ya kumudzi mpata wokumana ndi zimphona, ngakhale kamodzi pa chaka. Mu 2024 Blue Eagles, ili kunja kwa Super League, inatenga FDH Bank Cup itagonjetsa Bullets pa mapenate. Inali timu yozolowera kale mpira wapamwamba, inde, koma mwana wa ku Tcharo kapena ku Chitimba atamva pa wayilesi anadziwa kuti khomo silinakhomedwe ndi misomali.

Tichitepo chiyani?

Choyamba ndi kwa ochemerera. Timu ya kuno ikamasewera mu CAF, kaya ndi Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers, kuifunira tsoka n'kudzitemera nthambi imene wakhalira. Pointi imodzi imene mdani wako angapeze m'magulu imalembedwa pa dzina la Malawi, ndipo ndi mapointi otero amene tsiku lina angatsegulire timu yako malo. Nyozanani Loweruka m'ligi, koma akakwera ndege asiyeni apite ndi madalitso.

Chachiwiri ndi kwa atsogoleri a FAM, SULOM ndi BASMAL, pamodzi ndi makampani othandiza masewero. Kulemeretsa katswiri yekha sikumanga ligi. Ndalama imene yapita kwa timu ya nambala 12 kuti ilipire osewera ndi kufika pa bwalo itadya ndi imene imasula katswiri wokatiimira kunja. Ndipo pogawa malo, musatseke khomo la ang'onoang'ono, ngakhale mutsegule lina la ochita bwino.

Chachitatu ndi kwa ife aphunzitsi ndi makochi a m'midzi. Tisamanyadire kusesa zoni. Ndalama ikapezeka, titengere ana ku Bolero, ku Phwezi, ku Chilumba kapena ku Mzuzu akasewere ndi owaposa, akagonje, abwerere ataphunzira. Makolo a kuno ku Mlowe, mphunzitsi akabwera kudzapempha ya galimoto kuti ana akasewere kumene mukudziwa kuti akakwapulidwa, musamubweze. Imeneyo ndiyo fizi ya mpira.